Chaka Chimene Ndinatsika Kamiyau ku Chiputo

Ana inu, mabukuwo muwayale bwino pamphasapo, musawaunjike ngati nkhuni. Atseguleni kuti dzuwa lilowe m'kati, chiswe chithawe. Iwe Zuze ndakuona, ukufunafuna zithunzi. Mulibe m'menemo. Ndi Chingerezi chokhachokha, ndipo ndikudziwa kuti kushikola kwanu Chingerezi mumangochilawa, chimene mumakhuta ndi Chipwitikizi. Buku wagwiralo ndinaphunzitsa nalo zaka zambiri mpaka chikuto chinathothoka, agogo anu aakazi n'kuchisoka ndi ulusi wa thumba la ufa. Lisiye pamenepo. Bwerani mukhale pamthunzi pano. Luwiza, foniyo uike m'thumba, siithawa.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yoweta mbuzi kuno ku Fingowe, yolankhula Chipwitikizi chopindika mpaka anyamata a ku ofesi amabisa nkhope kuti aseke. Koma ine ndinali mphunzitsi wa payunivesite ku Zambia. Ndinkaphunzitsa mabuku a Chingerezi ndi zisudzo. Inde, zisudzo, musaseke. Munthu amatha kudyetsa banja chifukwa chophunzitsa anzake kulira ndi kuseka pamaso pa anthu.

Ndinabadwira ku Chiputo. Atate anamwalira ndili wamng'ono, tinatsala atatu: amayi, achemwali anga a Mariya, ndi ine. Nkhondo yoyamba ija, ya nthawi ya Apwitikizi, itayandikira, amalume amene ankagwira ntchito ku Zambia anabwera kudzanditenga. Tinayenda pansi masiku anayi, kamba wathu anali mbatata zootcha ndi masau ouma. Masau a masiku ano mumagula pamsika m'timapepala, ife tinkangotola pansi mpaka mano kuchita dzanzi. A Mariya anali anzeru kuposa ine, zimenezo ndikunena poyera. Nyimbo akaimva kamodzi ankaigwira yonse. Koma amalume anali ndi malo a mwana mmodzi, ndipo masiku amenewo pakakhala mnyamata ndi mtsikana, palibe ankafunsa kuti apite ndani.

Za sukulu sindichulukitsa. Ndinalowa kalasi ndili wamkulu kale, tiana tikundiseka chifukwa sindinkadziwa ngakhale kupempha madzi m'Chingerezi. Manyazi amenewo ndi amene anandikankha. Ndinawerenga chilichonse chimene ndinachipeza, ngakhale nyuzipepala yokulungira nsomba. Ndinakhoza, ndinakhozanso, mpaka ndinapezeka ku yunivesite, ndipo nditamaliza anandiuza kuti nditsale ndiziphunzitsa.

Haa, ntchito imene ija! Inu lero mukafuna chinthu mumangotosa foni. Ife tinali ndi makina a taipi olira ngati matalala padenga la malata, ndi makina ena opukusa ndi dzanja osindikizira mapepala, inki yake yonunkha mpaka m'malaya. Ndikafuna kuti ophunzira anga onse akhale ndi sewero limodzi, ndinkapukusa makinawo Loweruka lonse, dzanja mpaka kuchita matuza. Choko chinkandiyeretsa ngati ndachokera kuchigayo. A zisudzo ndinkawavula nsapato, n'kuwaimika kumapeto kwa bwalo la mpira, ine kuno, ndikuti lankhulani ndimve koma musakuwe. Ena ankandida chaka choyamba chonse.

Koma chimene ndimachisowa kwambiri si zimenezi. Ndi bata lija. Mumalowa m'chipinda chachikulu, ophunzira adzaza mpaka pamasitepe, wina akutsokomola, wina akunong'ona za chibwenzi. Mumatsegula buku, n'kuyamba kuwerenga mawu a munthu amene anafa kalekale kudziko lozizira, munthu amene sanaonepo mlambe. Pang'onopang'ono phokoso limazirala, mpaka chipinda chonse chimangoti zii, maso onse pa inu, mtsikana wina wa kumudzi akupukuta misozi chifukwa wazindikira atate ake m'mawu a mzungu. Nthawi zina ndikamadyetsa mbuzi ndimapezeka ndikulankhula mawu amenewo ndekha. Koma mbuzi sizikhala chete.

Pa tchuthi tinkakweza ophunzira m'basi yakale n'kumazungulira m'midzi, nsalu ndi ng'oma zili pamwamba. Ndinkadziona ngati katswiri. Ndinakwatira agogo anu, makolo anuwa anabadwa, tinali m'nyumba ya magetsi. Kumudzi ndinkangotumiza kalata ndi nsalu. Kupitako ndinapitako kawiri kokha, ndipo ulendo uliwonse ndinkafulumira kubwerera.

Nkhondo yachiwiri ija, ya ife tokhatokha, itabuka, makalata analeka kuyankhidwa. Patapita nthawi ndinamva kuti anthu a kwathu adzaza mumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi malire. Ndinapita. Amayi ndinawapeza pamzere wolandirira ufa wachikasu, atawonda mpaka ndinawadutsa, anachita kundiitana okha ndi dzina langa la ubwana. Ndinafunsa za a Mariya ndi ana awo atatu. Amayi anati tsiku limene mudzi unawotchedwa iwo analawirira kumunda. Anthu othawa anawapeza komweko, nawauza kuti mudzi wonse uli patsogolo, musabwerere. Anathawa khasu lili m'manja. Atafika pamalire anapeza kuti a Mariya palibe.

Amayi ndinawatengera kutauni, koma anangokhala miyezi iwiri. Anati m'nyumba mwanga mulibe poponda dothi, ndipo kumsasa mwina tsiku lina kudzafika munthu wodziwa za mwana wawo. Anabwerera. Zaka zonse za nkhondo anakhala kumeneko, ine ndikuwayendera pa tchuthi.

Mtendere utabwera, zinthu ziwiri zinandipeza mwezi umodzi. Amayi analembetsa dzina kuti abwerere kwawo. Ndipo akulu a dipatimenti yathu anandiitana mu ofesi, nandipatsa kalata yochokera ku Ulaya. Ndinali nditapeza malo okachita maphunziro apamwamba, aja amene munthu akabwera nawo amatchedwa dokotala, kenako pulofesa. Ndinali nditapempha katatu konse, katatu konse akundikana.

"A Fenando," anatero akuluwo, "kaperekezeni amayi, palibe angakuletseni. Koma chaka chisanathe mukhale mutakwera ndege. Mukachedwa malowa apatsa wina, ndipo pa msinkhu wanuwu sindikuona kuti adzakuitananinso."

Ndinati masabata asanu ndi limodzi andikwanira.

Tinakwera kamiyau, malole aakulu aja onyamula anthu obwerera kwawo. Banja lililonse linapatsidwa makasu, mbewu, ndowa ndi lona yofolera. Amayi anakhala pamtolo wawo, nkhuku ili pamiyendo. Azimayi anaimba kuyambira pamalire, fumbi lili m'kamwa koma osaleka. Titadutsa kuno ku Fingowe, kumene kunali makoma okhaokha obooledwa ndi zipolopolo, nyimbo zinayamba kuchepa. M'mbali mwa msewu munali miyala yopakidwa utoto wofiira, ndipo dalaivala anati wofuna kutaya madzi atayire pamsewu pomwepo, asaponde udzu, pansi pali mabomba okwirira. Pofika ku Chiputo palibe ankaimba. Pamene panali nyumba yathu panamera mtengo wotalika kuposa ine. Amayi anazindikira malowo chifukwa cha mphero yawo, mwala umene moto unaulephera.

Anthu amene sanathawe anatuluka kudzationa. Pakati pawo panali mayi wa imvi, wovala chiguduli. Ndinamuyang'ana kawiri. Anali a Mariya.

Amayi anagwetsa nkhuku, nathamanga manja ali m'mwamba. A Mariya sanasunthe. Anapereka moni kwa ine ndekha.

"Mwafika, achimwene?"

"Tafika, achemwali. Amayi ndi awa."

Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Alendowa agona kuti?"

Ndinamva kwa anthu ena kuti a Mariya anabisala m'mapiri zaka zonsezo, akudya malambe, mizu ndi mbewa zopanda mchere. Amuna awo anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, osabweranso. Mwa ana atatu aja panatsala mmodzi, amene anali atakwatiwa ku Malowera.

Ndinamangira amayi kanyumba. Manja ozolowera choko anatupa ndi nkhwangwa, anthu akuseka mmene ndinkamangira luzi. Masana aliwonse a Mariya ankabwera ndi mbale ya chakudya, n'kuiika pakhomo, n'kutembenuka. Amayi akati, "Mariya, takhala pansi," iwo ankangopita ngati kwalira mbalame. Amayi anayamba kutsokomola, mapazi n'kutupa. Chakudya chija ankangochitosa.

Masiku omwewo a Domingo, mphunzitsi amene anatumizidwa kudzatsegula shikola, anabwera kudzandiona. Shikolayo inali makoma anayi opanda denga. Sabata imeneyo bambo wina amene tinabwera naye anali ataduka mwendo akupita kukaona munda wake wakale. A Domingo anati, "Ndamva kuti kumene muliko mumaphunzitsa zisudzo. Anthuwa ndikawauza za mabomba amangogwedeza mutu, mawa lake ali m'tchire. Tipangireni sewero."

Ndinakondwa, ndisaname. Ndinatenga kadelino, buku lolembamo lija, n'kulemba sewero la magawo atatu monga ndinkaphunzitsira, loyamba bwino, lokwera, lotsika. Osewera anga anali alimi osadziwa kuwerenga, choncho ndinkawauza mawu iwo n'kumabwereza. Zinkatuluka zouma ngati akuyankha katekisimu. Tsiku lina tikuyeserera, a Mariya anadutsa ndowa ili pamutu. Anaima, namvetsera. M'seweromo munthu wobwera ankapita kukatunga madzi kuchitsime chakale n'kubwerako bwinobwino.

"Ameneyo wafa kale," anatero a Mariya. "Njira ya kuchitsime chakale sitipondamo. Mukufuna kuphetsa anthu ndi mabuku anuwo?"

Anatula ndowa, natola kamtengo, najambula pansi njira zonse za m'mudzi: iyi n'njabwino, iyi inapha ng'ombe, iyi inapha mkazi wa uje. Ine mphunzitsi wa payunivesite ndinagwada pafumbi n'kumakopera. Ndinawapempha kuti asewere gawo la munthu wotsala, wolandira obwera. Anati zosewera anasiya ali mwana. Koma mawa lake anabwera, ndipo mawu onse anawagwira atangowamva kamodzi.

Sewero tinalikonza la Lamlungu, anthu akatuluka m'mapemphero. Lachinayi kunabwera kamiyau yotula mbewu. Dalaivala analoza mitambo nati, "Iyi ndi yomaliza. Mtsinje ukadzaza, galimoto mudzaiona chimanga chitauma." Ngakhale lero mukudziwa mmene ku Chiputo kumakhalira mvula ikagwa. Nanga nthawi imeneyo, milatho itaphulitsidwa, njira zachidule zili ndi mabomba?

Masabata anga anali atatha kale. Ndinalongedza chikwama. Amayi anali gone pamphasa, nati, "Pitani, bambo. Zimene munadzera mwachita, mwandifikitsa." A Mariya anali chiimire pakhomo ndi mbale yawo ija. Ndinati, "Achemwali, amayi ndikusiyirani." Anayankha osandiyang'ana, "Pitani. Kuno kusiyidwa tinazolowera."

Ndinakwera. Ndinakhala pamasaka opanda kanthu, kalata ya ku Ulaya ili m'thumba la malaya. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaganiza zakuya, koma ayi. Ndinkangoona mbale ija pakhomo, ndi anthu awiri aja, wina m'kati wina panja, dzinja lonse. Ndinkaopa kuti amayi safika nthawi yokolola. Titafika pamtsinje dalaivala anaima kuti athire madzi m'injini. Ndinang'amba masamba a kadelino, ndinalemba makalata awiri, ina ya akulu a dipatimenti, ina ya agogo anu, n'kumupatsa kuti akatumize. Iye anati, "Bambo, mwapenga?" Ndinatsika, ndinabwerera pansi ndikulira ngati mwana, ndipo sindinkadziwa kuti ndikulirira chiyani kwenikweni, Ulaya kapena amayi. Agogo anu aakazi anali atasoketsa kale diresi yoperekezera ku ndege. Anandikwiyira chaka chathunthu. Afunseni, akuuzani okha, ndipo awonjezera.

Lamlungu anthu anadzaza m'makoma a shikola, ena atakwera pamawindo. Amayi tinachita kuwanyamula n'kuwakhazika kutsogolo. Gawo loyamba linayenda bwino, anthu anaseka pamene mlendo wonyada ankakana malangizo. Gawo lachiwiri a Mariya anayenera kunena kwa wobwera uja kuti, "Takulandirani, koma mverani ife amene tinatsala." Anayamba bwino. Kenako anasiya mnzawo wa m'seweroyo, natembenukira kwa anthu, nayang'ana amayi.

"Ife amene tinatsala," anatero, "tinadikira. Ine ndinakhala pansi pa mlambe wa kumunda masiku atatu ndi ana anga, ndikuti amayi abwera, sangapite osatiyang'ana. Dengu lanu ndinalipeza m'munda, khasu palibe. Ana ankafunsa kuti agogo ali kuti, ine ndikuti akubwera."

Ndinatsegula kadelino kufuna kuwakumbutsa mawu oyenera. Taonani kupusa kwa munthu wophunzira. A Domingo anandigwira dzanja.

Amayi anadzuka okha, munthu amene tinachita kumunyamula. Ndinkayembekeza kuti anena zimene anandiuza ine, kuti anthu anawasokoneza, kuti asilikali a pamalire sankalola kubwerera. Zonsezo zinali zoona. Koma sanazinene.

"Ndinafika pamalire, ndinaona kuti iwe palibe," anatero. "Njira ndinkaidziwa. Ena anabwerera mozemba kukafuna ana awo. Ine ndinaopa, Mariya. Ndinaopa kufa. Palibenso china."

M'shikola monse munangoti zii. Bata la ku yunivesite lija ndinkalipanga ndine ndi buku m'manja. Ili sindinalipange, ndipo linandiopsa. Kenako a Mariya anatchula maina a ana awo awiri amene anamwalira, Pedulo ndi Tereza. Amayi anawabwereza mainawo.

"Anagona kuphiri," anatero a Mariya. "Mukapeza mphamvu ndikakusonyezani. Koma muziponda pamene ndaponda ine, amayi."

Kanali koyamba kuwatchula amayi chibwerereni. Gawo lachitatu silinaseweredwe. Mayi wina anaimirira nayamba kuuza mlamu wake zakukhosi, bambo wina nayenso, mpaka mvula yoyamba inatibalalitsa, poti denga panalibe. Koma za njira zoopsa anthu anazigwira, dzinja limenelo m'mudzi mwathu simunavulalenso munthu.

Malo a ku Ulaya anapatsa mnzanga wina, munthu wabwino, anali woyenera. Nditabwerera anandilandira pantchito, ndinaphunzitsa mpaka kupuma, koma pampando womwewo. Ana amene ndinawaphunzitsa kuima pasiteji anapita kunja, nabwera ali madokotala, ena anakhala akulu anga. Pamwambo wopereka madigiri ndinkayenda kumbuyo kwawo, mkanjo wanga wakuda bii, wawo wa mizere yofiira. Zinkandiwawa, ndisakunamizeni, ndipo zimandiwawabe. Ndinkafuna kukakhala m'laibulale yaikulu ya kumeneko. Ndinkafuna kuona masewero amene ndinaphunzitsa moyo wanga wonse akuseweredwa kwawo kwenikweni, ngakhale kamodzi kokha. Choseketsa n'chakuti kuno, potengera Chipwitikizi, mphunzitsi aliyense ndi pulofesolo. Ndiye nditapuma n'kudzakhala kuno, dzina limene ndinalisowa kuja ndinalipeza pamsika, kwa ogulitsa tomato. Iwe Zuze, amene ukuti shikola ikukuchedwetsa, ukufuna kukakumba golide ndi anyamata aja, usamve ngati ndikuti maphunziro alibe ntchito. Ndikakupeza kumayenjeko ndidzakukoka khutu pamaso pa anzako.

Koma dzinja lija ndi lokhalo limene ndinakhala ndi amayi ndili munthu wamkulu. Kunali njala, tinkadya nkhwani ndi bowa podikira mondokwa, mchere tikugawana ndi kasupuni. M'mawa ndinkalima ndi a Mariya, masana ndinkathandiza a Domingo kufolera shikola ndi udzu. Amayi anayamba kudya, chifuwa chinachepa. Mvula ikatitsekera m'nyumba tonse atatu, a Mariya akusadzula nkhwani, amayi ankati, "Tatiuzani, bambo, zimene mumaphunzitsa ana a eni kumeneko." Ndinkawafotokozera masewero aja m'chinenero chathu, ndikusintha mawu, apa mwamuna, apa mkazi wake. Amayi ankaweruza milandu yake ngati ya anthu a m'mudzi. "Ameneyo analibe amalume omulangiza?" A Mariya ankandidula, "Mwalakwitsa, achimwene, dzulo munati anamupha ndi mng'ono wake." Ndipo ankakhala akunena zoona. Ophunzira oposa awiri amenewo sindinakhale nawo.

Kuphiri tinapita mvula itadukiza, a Mariya patsogolo, amayi pakati, ine kumbuyo ndi khasu. Manda anali miyala iwiri pansi pa mtengo. Tinalambula udzu, amayi anakhala pansi n'kumalankhula ndi adzukulu awo ngati akuwaona, ine ndinapatuka kuti ndisamve.

Chimanga chitauma kamiyau inabwera. Anandiperekeza onse awiri mpaka pamtsinje, amayi akupuma kawirikawiri. Nditakwera amayi anandikodola kuti ndiwerame.

"Kodi kuntchito akakukalipirani?"

"Ayi, amayi, sakandikalipira."

"Akakafunsa, mukanene kuti ndinakuchedwetsani ndine. Mariya musakamutchule, wavutika kale."

Injini inalira. Ndinawaona akutembenuka, amayi atatsamira paphewa la a Mariya, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa msewu, mitu iwiri ya imvi yofanana msinkhu. Ndinayang'ana mpaka udzu unawabisa. Uthenga wa maliro a amayi unandipeza chaka chotsatira ndili m'kalasi, choko chili m'manja, ataikidwa kale masabata awiri. Anamwalirira m'nyumba mwa a Mariya, mutu uli pamiyendo ya mwana wawo.